Fainolo ya a Flywell

Ku Thamesmead, kunja kwa dziko kuno, aliyense ankadziwa kuti a Flywell akati "tiyeni ndikuperekezeni," tsiku lako lathera pomwepo. Mlendo timamufikitsa pamsewu n'kubwerera. Iwo ayi. Ankakufikitsa pasiteji, basi ikabwera n'kukwera nawe limodzi, chifukwa mpira unali usanathe.

Mpira wake unali umodzi womwewo: chaka chimene timu ya koleji yawo ya aphunzitsi kumudzi inatenga chikho cha makoleji, iwo ali goloboyi. Nthawi imeneyo mayi anga n'kuti asanabadwe. Vuto linali lakuti ankayambira gemu yoyamba, ndipo zodumpha sankafuna kumva.

"Agogo, tangotiuzani za fainolo," anatero tsiku lina amuna anga, a Lyson.

"Iwe, unaonapo mwana akubadwa ndi ndevu? Khala pansi. Tikadali ku Zomba ndipo mvula ikugwa."

Anti Effie, nesi wa ku Peckham, ndiwo anaziona. A Flywell anawaperekeza mpaka pakhomo pawo. Antiwo, poti analeredwa bwino, anati munthu wamkulu sangabwerere yekha, n'kuwaperekezanso. Atafika kuno a Flywell anati, "Mlendo abwerere yekha ine ndilipo?" Akuti anazungulira mpaka dalaivala anayamba kufunsa ngati Walter, wosewera wa timu ija, wachinya. Anti anapita ku shifti opanda kudya, nkhani ili pa kota fainolo.

Tsiku lina m'basi lalanje linagwa m'jumbo ya mzimayi wina n'kuyamba kugubuduka. Tinangoona a Flywell, nkhalamba ya ndodo, adziponya pansi.

"Silinadutse!" anakuwa ali chigonere, lalanje lili pachifuwa.

Tinawadzutsa anthu atatu. Mwini lalanje anawapatsa kuti adye.

Ine ndinabwera kuno mwana wanga Mada ali wakhanda, bambo ake akuchoka m'mawa n'kubwera otopa. Sindinkadziwa munthu. A Flywell ankakhala fulati yapansi pathu, ndipo ndiwo ankandiperekeza kusikelo, kumsika, kulikonse. Njira ndinazidziwa ndi mpira wawo: pa Woolwich m'pamene Biswick ankathyoka mwendo, ndiye ndinkadziwa kuti titsika patsogolopo. Za mpira sindidziwa kanthu, koma anyamata aja ndinawaloweza ngati alongo anga.

Chokhacho, fainolo panalibe anaimvapo. Akafika pa semi ankatsokomola n'kuti "mawa." Mawa lakelo tinkapezekanso tili ku Zomba, mvula ikugwa.

Chaka chatha nthawi yozizira anawagoneka kuchipatala. Ndinapita kukawaona ndipo ndinapeza atatha, manja aja atatsala mafupa. Ndinakoka mpando.

"Agogo, lero sindikuthamangira kulikonse. Ndiuzeni fainolo."

Anayang'ana kudenga.

"Amake Mada, fainolo ine sindinaione."

Anati sabata yomweyo munthu anawatsina khutu kuti akufunidwa pa nkhani za ndale. Anadumpha malire atavala malaya amodzi. Zoti timu yawina anazimva kwa dalaivala wa lole ku Chipata.

"Ndinamufunsa kuti zingati zingati. Anati iye amatsata za matayala. Anzanga onse anapita ndisanawafunse." Anandigwira dzanja. "Ndiye ndiuzeni inu. Osewera mukuwadziwa."

Ine sukulu ndinalekezera pulayimale, wailesi ya mpira ndimatseka. Koma munthu akupempha madzi sumuuza kuti kapu ndi yakuda.

"Chabwino. Wayamba. Biswick watenga mpira, akuthamanga..."

"Biswick ndi mwendo wothyoka?"

"Wachira."

"Oho. Pitirizani."

"Wapatsa Walter. Walter wamenya ndi mutu. Chalowa!"

"Walter wamfupi uja? Chabwino, mwina anakwera pa mnzake. Pagolo pali ndani?"

"Muli inu, agogo."

Anatseka maso. "Ndiye auzeni anthuwo asadzivute."

Ndinatenthedwa nazo mpaka ndinawapatsa zigoli seveni.

"Chepetsani, amake Mada. Anzathuwo nawonso ali ndi makolo. Ziwiri zakwana."

Nesi atabwera ndi mankhwala anatipeza tikuimba nyimbo ya koleji, ine ndikulakwitsa mawu, iwo atanyamula kapu ya tiyi m'mwamba, misozi ikulowa m'makutu. Anamwalira Lamlungu lotsatira.

Pano Thamesmead yangoti zii. Fulati yapansi munalowa anthu ena, abwinobwino, oti timangopatsana moni pamasitepe. Aliyense amafika kuntchito nthawi yake, koma palibe amene akuoneka wosangalala nazo. Anthu akandifunsa kutchalitchi kuti fainolo ija inatha bwanji, ndimati ziwiri kwa duu, pagolo pali a Flywell. Palibe amene watsala woti anganditsutse, ndipo chimene chimandiliza n'chimenecho.