Mmene Mdzukulu wa Nachisale Anapezera Dzina

Mwati magetsi azima sewero lili pakati, ndiye mawa mukafunsa anzanu kusukulu mmene lathera? Ana inu! Takhalani pansi. Pali mwambi wa zimenezo, ndipo chiyambi chake chinali motere. Musandiuze kuti miyambi ndi yakale kuposa kanema ayi. Wofotokoza ndine, inu mbali yanu ndi makutu.

Pa Linthipe paja panali mayi wina dzina lake Nachisale. Masiku amenewo kanema anali atangofika kumene, mafoni anali a mabwana okha, ndipo m'dera lonselo nyumba ya kanema inali imodzi, kwa Nagama, mkazi wa aphunzitsi opuma. Lamlungu lililonse anthu akaweruka kutchalitchi, amayi ankathamangira kumeneko kukaonera sewero lotchedwa Phulusa la Pachigayo. Nachisale ankafika woyamba n'kutuluka womaliza.

Mayi ameneyo sankaonera sewero ngati mmene muonerera inu. Iye ankachita kulowamo. Wina akanama m'kanemamo, ankadzambatuka n'kumuloza chala: "Bodza! Ine ndinalipo sabata yatha!" Wina akalira, iye kulira kuposa mwini wake, mpaka Nagama kumutungira madzi akumwa.

Nkhani ya seweroli inali yakuti chigayo cha mayi wina wamasiye chinapsa, ndipo woyatsa moto sankadziwika. Ndiye munali mnyamata wina, Lameki, wa mano oyera mbee, wogwada popereka moni. Iyeyu ankathandiza mayi wamasiyeyo pa chilichonse, uku akufunsira mwana wake wamkazi. Nachisale anamukonda Lameki kuposa ana obereka yekha.

Nagama yekha ndiye ankapukusa mutu. "Anzanga inu, ulemu wochuluka chonchiwu umabisa kanthu. Chigayo anayatsa ndi yemweyu."

"Nagama, kanema ndi wanu, koma pakamwa panu pasamaleni," anatero Nachisale. "Mwana wa eni ake wakulakwirani chiyani? Tamverani ndinene anthu onsewa akumva. Eneresi wanga ali ndi pakati, ndipo iye ndi amuna ake anandipatsa ine mwayi wotcha dzina. Akabadwa wamwamuna, sewero likamuyeretsa Lameki, dzina ndi lomwelo!"

Ndiye taonani mmene zinthu zimakhalira. Gawo lomaliza linali loti lionetsedwe Lamlungu, ndipo mkati mwa sabata yomweyo uthenga unafika wakuti Eneresi wachira, mwana wamwamuna. Eneresi anakwatiwa kutali, kuseri kwa phiri, kumudzi wopanda magetsi. Mayi wake anayenera kukakhala naye m'chikuta, ndiko kuti m'nyumba momwe mwana ndi make amabindikira kufikira mchombo utagwa. Wosamalira m'chikuta sayendayenda, ndipo tsiku lotuluka ndilo tsiku lotcha dzina.

Nachisale anasangalala, analulutira, kenako anakumbukira Lamlungu. Anakhala pansi n'kugwira tsaya.

Amuna ake anali a Sandalamu, okhoma zidebe, munthu wa bawo. Za masewero ankati ndi zidole zolankhula, zopusitsira azimayi. Nachisale anawapeza akusula chidebe pakhonde, nagwada pambali pawo.

"Bambo a Eneresi, Lamlungu likubwerali mupite kwa Nagama mukandimverere mmene sewero lithere."

"Ine? Ndevu zonsezi ndikakhale pamkeka ndi azimayi? Mudzafunse Nagamayo."

"Nagama ndi mdani wa Lameki, adzandinamiza. Inu mulibe mbali. Mukaone ndi maso anu, mukamve ndi makutu anu, Lolemba mulawirire pa njinga mudzandiuze. Ndi dzina la mdzukulu wanu limeneli, bambo. Mukufuna nditche mwana dzina la munthu wosadziwika bwino?"

Mawu akuti mdzukulu anawafewetsa a Sandalamu. "Chabwino, ndipita. Nanga kuonera zidole n'kovuta?"

Lamlungu litakwana anavala jekete, napita. Pakhomo pa Nagama anapeza nsapato za amayi zili mbwee. Anakankha chitseko pang'ono kuti aone pokhala. Kutsogolo kwenikweni, pafupi ndi kanema, panakhala apongozi awo, Nangondo, mayi ake a Nachisale, atamanga duku lalikulu la kutchalitchi.

Inu a masiku ano simungamvetse. Lero mkamwini amadyera mbale imodzi ndi apongozi, kujambulitsa nawo atagwirana mapewa. Kale sizinali choncho. A Sandalamu chikwatirire anali asanakhalepo chipinda chimodzi ndi Nangondo. Akakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire, moni n'kuperekera chapatali, nkhope zitayang'ana kwina. Ndiye alowe, akakhale kumbuyo kwa apongozi, n'kumaonera limodzi anyamata akufunsira atsikana? Anabweza chitseko mwakachetechete.

Koma lonjezo anali atapereka. Anazungulira kuseri kwa nyumba kumene kunali windo, ndipo pansi pa windolo panali maluwa a Nagama, amene ankawathirira m'mawa ndi madzulo, osalola ngakhale nkhuku kudutsapo. A Sandalamu analowa m'maluwamo, nsapato zawo za matayala zili phwanyu phwanyu, nasuzumira.

Windo linali lotseka, pakuti Nagama ankaopa kuti fumbi lingalowe m'kanema. Mawu sankamveka ngakhale limodzi. Komanso theka la m'munsi la kanemayo linali litabisika ndi duku la apongozi. A Sandalamu ankangoona anthu kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, milomo ikuyenda.

"Palibe kanthu," anadziuza. "Munthu wanzeru amamva ndi maso."

Anaona mnyamata wa mano oyera atavala suti, ali m'tchalitchi ndi mkwatibwi. Uyu ndiye Lameki, anatero. Kenako kunatulukira mayi wina akulira, nathamangira Lameki n'kumukolekera manja m'khosi. Ana angapo anamuunjirira. A Sandalamu anagwedeza mutu: munthu wokondedwa ndi ameneyu, mpaka anthu kulira ndi chimwemwe. Posakhalitsa analowa apolisi awiri, wina anaima kumanja, wina kumanzere, natuluka naye n'kumutsegulira chitseko cha galimoto. Galimoto itanyamuka, khamu lonse linaithamangira, manja ali m'mwamba. Mayi wamasiye uja anayang'ana kumwamba misozi ili chuchuchu, milomo ikunjenjemera.

Apa n'kuti linthumbu la m'maluwa litawakwera m'miyendo. Anapirira, anapirira, kenako analumpha n'kuthawira kumsewu akudzimenya m'thalauza. Koma mtima unali m'malo. Akanatha kufunsa mayi mmodzi potuluka, koma akanati anaonera kuti? Aulule kuti amasuzumira apongozi pawindo? Anangopita ku bawo.

Lolemba analawirira, nafika kumudzi kuja dzuwa lisanatenthe. Anapeza mchombo wagwa, amayi a m'mudzimo asonkhana pabwalo, akudikira kuti mwana atuluke. Nachisale anawakokera kuseri kwa nyumba, moni weniweni osapereka.

"Nanga? Lameki wanga?"

"Mayi a Eneresi, munasankha munthu. Ukwati wake sindinauonepo. Anthu kulira, ana kumukumbatira. Boma lenilenilo linatumiza apolisi awiri kudzamuperekeza, kumutsegulira chitseko cha galimoto ngati nduna. Mudzi wonse kuthamangira galimoto kutsazika."

"Mayo ine, mwana wanga Lameki! Nanga chigayo anayatsa ndani?"

A Sandalamu anakanda m'mutu. "Aa, zimenezo sanazitchule kwenikweni. Koma si iyeyo."

"Nanga mayi wamasiye anati chiyani?"

"Anayang'ana kumwamba n'kunena kuti, 'Zikomo Lameki, mkamwini ngati iwe kulibe.'"

Mwaona? Poyamba ananena zimene anaona, kenako anayamba kuikamo ndi mawu omwe. Bodza limayamba choncho, munthu osadziwa n'komwe kuti wayamba kunama.

Nachisale anavina pomwepo. Analowa m'nyumba, natuluka ndi mwana m'manja, Eneresi akutsatira pambuyo. Anapereka nkhuku yoyera kwa makolo a mwana monga mphatso ya wotcha dzina, namukweza mwanayo kuti onse amuone.

"Uyu ndi Lameki!"

Nthungululu zinalira. Azakhali a mwana analibwereza dzinalo, bambo wake analibwereza, mpaka ana a m'mudzi anathamanga nalo kukalengeza kuchitsime.

Nthungululu zisanathe, kumsewu kunaima galimoto ya matola. Anatsika Nagama ndi amayi ena a pa Linthipe atasenza mitolo ya ufa ndi sopo, pambuyo pawo Nangondo ndi ndodo yawo, kudzaona chidzukulu. A Sandalamu atangoona duku lija anazemba n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe.

Moni atatha, Nagama anamulandira mwana, namuyang'ana. "Koma ndiye wokongola! Dzina ndani?"

Nachisale anatukula chifuwa. "Lameki. Ndinkakuuzani ine, Nagama. Lero manyazi akugwirani."

Amayi a pa Linthipe anayang'anana. Wina anatula mtolo pansi pang'onopang'ono.

"Nachisale," anatero Nagama, "mwati Lameki? Lameki yemwe uja anamangidwa dzulo?"

"Kumangidwa?"

"Pa ukwati pomwe! Anatulukira mkazi wake woyamba, amene Lamekiyo anamuthawa kwawo, n'kumugwira pakhosi, ana ali pambuyo kulirira bambo wawo. Mkaziyo ndiye anaulula kuti chigayo anayatsa ndi Lameki, kuti mayi wamasiye asauke, agulitse malowo motchipa. Apolisi anamumanga unyolo m'manja n'kumuponya m'galimoto. Anthu anaithamangira ndi miyala! Mayi wamasiye anathokoza Mulungu kuti mwana wake wapulumuka."

Nachisale anakhala pansi, miyendo tambalale. Mukuganiza kuti anayamba kulirira mdzukulu? Ayi ndithu. "Lameki iwe! Wandichita chiyani ine? Ine kukuikira kumbuyo miyezi yonseyi, kudana ndi anzanga chifukwa cha iwe! Mano oyera aja, kugwada kuja!" Analira ngati wamva uthenga wa maliro, amayi a m'mudzimo n'kumafunsana kuti Lamekiyo ndi mbale wawo wa kuti.

Kenako anayang'ana mwana, nadzidzimuka. "Tisinthe! Anthu inu, tisinthe dzina msanga!"

Azakhali a mwana anakana. "Pepani amayi, kuno kwathu sititero. Dzina latchulidwa pabwalo, nthungululu zalira, nkhuku talandira. Mwana walimva dzina lake. Si malaya awa oti n'kukabweza kusitolo."

Apa Nachisale anakumbukira mthenga wake. "Bambo a Eneresi! Muli kuti? Si inu munati munaonera?"

"Kuonera kuti?" anafunsa Nagama. "M'nyumba mwanga dzulo simunalowe mwamuna. Koma maluwa anga a pawindo ndawapeza ali lambalamba. Ndimati ndi mbuzi, koma ndimadabwa kuti mbuzi yanji yovala nsapato za matayala."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka chifuwa, kenako mawu otsika. "Ndimapereka ulemu kwa apongozi. Linthumbu nalo silinandisiye."

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Eneresi anaseka mpaka kugwira pamimba, akuti musandiseketse ndisanachire. Nangondo anatembenuka kuyang'ana kuphiri, msana kunkhokwe, monga mwa mwambo, nalankhula kwa mwana wawo.

"Nachisale, uwauze amuna akowo kuti ulemu wawo ndauona, ndathokoza. Koma tsiku lina akadzafuna kuonera, adzatume mwana, ine ndidzatuluka. Chifukwa ulemu uwu wathyola maluwa a eni, waipitsa dzina la chidzukulu changa, ndipo ndamva kuti wawalumitsa ndi linthumbu lomwe."

Nachisale naye anaseka misozi ili m'masaya. Anatenga mwana kwa Nagama, namuyang'ana nthawi yaitali. Kamwanako kanayasamula, kalibe nazo ntchito.

"Chabwino," anatero. "Lameki wa m'kanema analidetsa dzinali. Uyu adzalichapa."

Ndipo analichapadi. Anakula mnyamata wofatsa, lero ndi telala, ali ndi mkazi mmodzi yekha ndipo sanamuthawepo. Kungoti mpaka pano akamadutsa pachigayo cha pa Linthipe, amayi achikulire amakuwa kuti, "Bisani machesi, Lameki uyo!" Iye amangoseka n'kuwapatsa moni. Agogo ake anapitiriza kuonera masewero, kulira ndi kukalipira kanema monga kale, koma gawo lomaliza sanatumirenso munthu. Ngakhale malungo awagwire, ankapita atafunda bulangete.

A Sandalamu anadzala maluwa ena kwa Nagama, n'kumawathirira okha mpaka anaphuka. Koma tsiku lija mayina anatchedwa awiri, ndipo lachiwiri nalo silinabwezedwe. Kuyambira pamenepo palibe anawaitananso kuti a Sandalamu. Pa bawo, pamsika, ngakhale kutchalitchi, anali a Kandimverere. Ndipo munthu akabwera ndi nkhani yochita kuuzidwa, yokoma bwino koma yopanda mutu, anthu ankayang'anana n'kunena kuti:

"Kandimverere anakanena za m'maluwa."