Kabokosi Kanu Kanamana Kompyuta Yathu Adilesi

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Kamphepo Netiweki,
Ofesi ya pamwamba penipeni, kumene mafoni athu safika.

Wolemekezeka Bwana,

Choyamba ndipepese polemba kalatayi poyera. Ndinaitumiza katatu ku bokosi lanu la madandaulo, ndipo katatu konse makina anu anandiyankha kuti ndine wofunika kwambiri kwa inu. Ndaona kuti munthu wofunika chotere sayenera kulankhulira kuseri.

Ine ndine telala wamba. Ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu ndi kufupikitsa mathalauza pakhonde la nyumba yathu. Za makompyuta ndinkangodziwa batani loyatsira basi. Akazi anga ndi namwino. Kwa zaka khumi ndi zinayi akhala akusintha mabandeji ndi kubaya jakisoni, ndipo chaka chino analimba mtima kuti akaphunzire uzamba. Mayeso olowera anali Lachisanu, masabata awiri apitawa, naini koloko m'mawa, olembera kunyumba pa kompyuta ya kamera, osati pa foni. Wophonya, adikire chaka chamawa.

Lolemba la sabata imeneyo alamu anga anatibwereka kompyuta yawo. Tinaiika pa tebulo lodyera, n'kuilumikiza ku kabokosi kanu ka tinyanga tiwiri kamene amisiri anu anadzatiikira mwezi watha. Mawu achinsinsi inalandira bwinobwino. Koma pakona panatuluka kachizindikiro kachikasu, ndipo tsamba lililonse linkangoti palibe intaneti. Chonsecho mafoni m'nyumba ankagwira ngati kale. Apongozi anga, amene tikukhala nawo chifukwa cha bondo, ankaonera maulaliki pa sofa mawu ali m'mwamba.

Kuyambira pamenepo mwandichitira zabwino zambiri, ndipo ndingakhale wopanda ulemu ndikapanda kuzitchula.

1. Zikomo chifukwa cha nyimbo. Nditaimba nambala yanu ya thandizo, munandimvetsera kanyimbo kamodzimodzi kwa mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Pano ndimakaimba posoka osadziwa. Apongozi anaganiza kuti n'kakutchalitchi, moti akaikira kale mawu.

2. Zikomo chifukwa cha mayi wa mawu okoma amene anayankha nyimboyo itatha. Anati, "Bambo, zimitsani kabokosiko, muwerenge mpaka teni, muyatsenso." Ndinachita. Anati ndizimitsenso kompyuta. Ndinachita. Anati tsopano ndizimitse zonse ziwiri. Pofika madzulo ndinali nditazimitsa kakhumi n'kamodzi, ndipo ulendo uliwonse ulaliki wa apongozi unkadukira pakati. Kakhumi n'kamodziko anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Kodi akamwini, abusawa anakulakwirani chiyani?"

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha sukulu yaulere ya Lachiwiri. Tsiku limenelo anayankha ndi bambo wina wodekha, ndipo mumukweze pantchito. Anandiuza kuti nditsegule kawindo kakuda n'kulembamo zilembo zimene ankanditchulira chimodzichimodzi. Ine ndi zala zanga za singanozi ndinalakwitsa kanayi. Pamapeto panatuluka manambala, ndipo nditawerenga kuti 169.254, bamboyo anausa moyo ngati dokotala amene waona chithunzi cha m'chifuwa.

"Aaa, ndiye kuti kompyuta yanuyo yadzipatsa yokha adilesi," anatero.

Anandifotokozera kuti chipangizo chilichonse chikalowa m'nyumba chimapempha adilesi kwa kabokosi, kuti uthenga uzidziwa kofikira. Chikapempha osayankhidwa, chimangodzipekera yakeyake, imene palibe amene amaidziwa. Bwana, ndinaimvera chisoni kompyutayo. Ndinaona kuti ine ndi iyo tili pamzere umodzi. Kenako anandilembetsa mawu ouza kompyuta kuti itaye adilesi yabodzayo, ndi ena oti ipemphe yatsopano. Kutaya inataya msanga. Popempha inadikira, inadikira, n'kunena kuti palibe wayankha. Bamboyo anati ndiye kuti vuto ndi kompyuta yathu, anandifunira tsiku labwino, n'kudula.

Mawu amenewo ndinakawatula kwa alamu anga mmene anandipatsira, ndipo anawalandira ngati ndawanena kuti anatibwereka chinthu chowola. Anainyamula kompyutayo, kukaiyesa kwawo, inagwira. Anakaiyesa kometera tsitsi, inagwira. Anaibweza, n'kuiika pa tebulo osandipatsa moni. Mpaka lero amandiyankha ndi mutu wokha. Zikomonso pamenepo, chifukwa kale ankalankhula kwambiri.

4. Zikomo chifukwa cha mpando. Lachitatu ndinatseka ntchito n'kubwera ku ofesi yanu. Munandipatsa kapepala ka nambala 83 ndi mpando wofewa kuposa wa kwathu. Nthawi yanga itakwana, mtsikana wa pawindo anandiuza kuti amisiri adzabwera pakatha masiku khumi ogwira ntchito. Ndinati mayeso ndi mkucha. Anati wamva, ndipo walemba. Anandichenjezanso kuti ndisayerekeze kutosa kabowo kakuseri kwa kabokosi, chifukwa ndikatero intaneti yonse ithawa, ndi ya mafoni yomwe.

Nditafika kunyumba n'kufotokoza, akazi anga sanakalipe. Bola akanakalipa. Anasonkhanitsa mabuku awo, amene akhala akuwerenga miyezi isanu ndi itatu m'basi ndi pa nthawi yopuma kuntchito, n'kuwakweza pamwamba pa kabati. Kukalembera kwa alamu sikukanatheka: kuli ana asanu ndi wailesi yosazima, ndipo malamulo a mayeso amafuna chipinda cha zii. Anangoti, "Basi abambo, chaka chamawa chiliponso." Kenako anakachapa yunifolomu yoyera kale. Apa sindithokoza, Bwana. Ndayesetsa koma mawu akukana.

Lachinayi masana kunabwera Mayi Tchaja kudzatenga siketi yawo imene ndinaika zipi. Amenewa amakonza mafoni m'kakontena ka pasiteji ya basi, ndipo dzinalo anawapatsa ndi makasitomala. Ataona nkhope yanga anafunsa kuti kwagwanji. Ndinawafotokozera, mpaka manambala aja, poti ndinali nditawaloweza. Analowa m'nyumba, n'kutembenuza kabokosi kanu chagada, kuwerenga kapepala kapansi. Foni yawo nayonso kabokosiko kanaimana adilesi, ndiye anabwereka ya akazi anga n'kutsegula tsamba loonetsa za m'kati mwake. Anayamba kuseka mpaka kukhala pansi.

"Atelala, bwerani mudzaone. Kabokosi kanuka anakauza kuti kazigawa maadilesi anayi okha. M'nyumba muno muli mafoni angati?"

Ndinati atatu.

"Nanga uyu wachinayi ndani?"

Pamndandanda panali foni yanga, ya akazi anga, ya apongozi, ndi ina yolembedwa kuti Injiniya-Wamkulu. Bwana, ameneyu ndi mmisiri wanu uja. Tsiku loika kabokosi analumikiza foni yake kuti ayese, n'kudzisungira adilesi mpaka kalekale. Ifeyo eni nyumba maadilesi athu ndi obwereka, amatha sabata iliyonse n'kupemphanso. Iye yekha ndi wokhazikika. Mayi Tchaja anafuna kumuchotsa kapena kuwonjezera malo, koma tsamba losinthira munalitseka ndi mawu achinsinsi amene mumasunga nokha, potiteteza ife kwa ife eni.

"Musadandaule," anatero. "Ngati wogawa wakana, tilemba tokha, koma ya mumsewu womwewu."

Anakhala pa kompyuta, n'kuiuza kuti isiye kupempha. Analemba ndi dzanja 192.168.1.50, pansi pake adilesi ya kabokosi ngati khomo lotulukira, ndi timanambala tina tiwiri. Panatha mphindi zinayi. Kachikasu kaja kanazimiririka, tsamba la mayeso linatseguka, ndipo akazi anga anakuwa mpaka apongozi anaimirira osagwira ndodo. Mayi Tchaja anapinda siketi yawo n'kunena kuti zipiyo ikadzang'ambika adzabwera kudzafufuta manambalawo.

Lachisanu ndinakhala pakhonde maola atatu makina osokera ali duu, kuopa kusokoneza. Apongozi anazimitsa foni mwa kufuna kwawo n'kudzakhala pafupi nane, ndipo aliyense wodutsa akafuna kupereka moni ankamuletsa poika chala pakamwa. Dzulo uthenga unabwera: akazi anga akhoza, ayamba sukulu mwezi wamawa. Patangopita ola limodzi kunabweranso uthenga wanu, wofunsa kuti pakati pa wani ndi faifi, thandizo lanu ndalikonda bwanji. Masiku khumi aja anakwana kale, amisiri sitinawaone.

Tsopano pempho langa, ndipo ndikulipereka ndi manja awiri. Poti Injiniya-Wamkulu ali ndi adilesi yokhazikika m'nyumba muno kuposa ine, takambirana monga banja n'kumulandira. Chonde mumuuze kuti Loweruka lino ndi tsiku lake lokolopa, ndipo Lolemba ndiye woperekeza apongozi kuchipatala kukaonetsa bondo. Ngati ntchito zamuchulukira, timvetsa. Angobwera adzatsanzike ngati munthu, achotse dzina lake, atisiyire kiyi. Zimenezi zikavutanso, mutitumizire mawu achinsinsi aja. Tikulonjeza kuwasunga mosamala ngati mmene inu mwasungira madandaulo athu, osawagwira ngakhale pang'ono, kupatula kamodzi kokha.

Ndine wanu wodzichepetsa ndi wofunika kwambiri,

Telala wa pakhonde,
wogona m'nyumba ya injiniya wanu.