Chala Chovala Sokosi

Amene munakhalako kudera kwathu kuno simukufunika kuuzidwa kuti Achala anali ndani. Ndi bambo aja ankayenda chala chachikulu cha dzanja lamanja chili m'mwamba, atachiveka sokosi ya mwana. Kaya mvula, kaya dzuwa loswa mtengo, chalacho chinali chilili ngati chili ndi funso. Madalaivala a minibasi achilendo ankaima poyesa kuti apeza wokwera, kenako n'kuchoka akutukwana. Ife tinazolowera, moti moni tinkapereka pawiri: woyamba kwa eni ake, wachiwiri kwa chala.

Amene sanazolowere mpaka pamapeto ndi akazi awo, mayi wochapira anthu zovala. Musawadzudzule. Pilo m'nyumbamo anali mmodzi, ndipo chimene chinkagonera pilo ameneyo ndi chala.

Bambowa anali mmisiri womanga nyumba, ndipo makoma ambiri a m'dera lino ndi manja awo. Anali ndi kachizolowezi kawo: akamaliza ntchito ankadinda chala pasimenti yaiwisi, pakona, munsi mwenimweni momwe mwini nyumba sangaone msanga. Ukalamba utawapeza miyendo inayamba kutupa, mtima n'kumagunda ngati wakuba akuthamangitsidwa. Mankhwala ake anali odula, ndipo beseni la mayi silikanatha kuwagula. Ndiye kunamveka kuti boma lakumbukira okalamba. Azilandira mankhwala aulere komanso kangachepe pamwezi, bola akadinde chala pa makina ku ofesi yoona za okalamba. Makinawo akayaka mobiriwira, walowa. Akayaka mofiira, uzipita.

Tsiku loyambalo bambo anameta ndevu, anavala jekete, nauza mayi kuti ayambe kutsanzikana nalo beseni. Mayi anaperekeza, mtima uli m'malere. Atafika pa makina paja, kunayaka kofiira. Kalaliki wake, mtsikana waulemu ndithu, anapukuta kagalasi ndi mpango wake, anayesanso, anayesa zala zonse mpaka kachala kakang'ono, koma makina anangoti psuu.

"Agogo, zala zanu zilibe mizere," anatero. "Zasalala ngati botolo. Mumagwira ntchito yanji?"

"Yomanga."

"Ndiye simenti inadya mizere yonse. Makina sakukudziwani."

Bambo anawerama n'kuyamba kumasula nsapato. Ankati chala chakuphazi sichinagwirepo simenti chibadwire, ayese chimenecho. Mayi anachita kuwagwira mkono phazi lili kale m'malere. Mtsikana uja, pofuna kuwatonthoza, anati nthawi zina mizere imabwerera munthu akachipumitsa chalacho ndi kumachidzola mafuta. Anangonena mwachifundo mwana wa eni, osadziwa kuti wayambitsa chipembedzo.

Kuyambira pamenepo chala chinapuma pantchito, mwini wake asanapume. Anachiveka sokosi ya mdzukulu wawo, yapinki, ya timaluwa. Moni wa m'manja anasiya. Mabatani a malaya ankamanga ndi mayi. Tintchito tomwe tinkawapezetsa ya buledi, monga kumata ming'alu ndi kukonza masitepe, anatikana tonse. Mafuta ndiye anayesa a mtundu uliwonse: odzola, ophikira, girisi wa kwa wokonza njinga, mpaka majarini, amene anaitana nyerere za m'dera lonse kudzachita phwando pa pilo. M'mawa uliwonse ankavula sokosi ija mosamala ngati akusenda dzira, n'kuloza chalacho kudzuwa.

"Mayi, taonani. Pali kanthu?"

Maso awo anali atayamba kale kuchita chifunga, choncho woona anali mayi. Masiku ena mayi ankati palibe. Masiku omwe bambo adzuka akupuma movutika ankati pakuoneka ngati pakubwera kenakake.

Ulendo wa ku ofesi sunaphonyeke. Ankapita, kuyaka kofiira, kubwerako. Tsiku lina ali pamzere pakhonde la ofesiyo, atakhala pansi poti mabenchi kunalibe, bambo anayang'anitsitsa pakona n'kuyamba kukwawa. Mayi anayesa kuti matenda aja awagwetsa. Ayi ndithu. Khondelo anamanga ndi iwo kalekale, nyumbayo isanakhale ofesi, ndipo chidindo cha chala chawo chinali pomwepo, mizere yake yooneka bwinobwino.

M'mawa mwake anafika ndi hamala ndi chizulo kuti agobe kachidutswako akaonetse makina. Mlonda anawagwira m'chiuno, iwo akulimbana ndi dzanja limodzi, linalo lili m'mwamba kuopa kuti chala chingakhudzidwe. Okalamba a pamzere anaseka mpaka ena mano oikirira kugwa. Kalaliki anatuluka, anagwada, anachiona chidindocho, navomera kuti n'chokongola. Koma anati makina amafuna chala chamoyo.

"Chamoyo mwachikana, mwana wanga," anatero bambo. "Cha m'simenti mwachikananso. Mukufuna ndikabwereke cha yani?"

Mayi sanaseke nawo. Manja awo anali atang'ambika ndi sopo, nsana unkawawa, ndipo dzinja limenelo khoma la nyumba yawo yomwe linachita mng'alu woti mphaka n'kudutsa. Mmisiri ali m'nyumba, koma anthu akutseka mphepo ndi makatoni! Tsiku lina mayi anatula beseni pansi n'kuwamasukira bambo. Anati m'nyumba muno chikunenepa ndi chala chokha, enafe tikutha ngati sopo. Atenge mpeni wawo womangira akagwire ntchito ngati amuna anzawo, za bomazi aziiwale.

Bambo anayang'ana chala chawo, kenako anayankha.

"Mayi, ndikagwiranso simenti ndiye kuti ndavomera kufera pamakwerero, inu n'kufera pabeseni. Ndamangira anthu moyo wanga wonse. Ndikungofuna boma lindidziwe kamodzi kokha."

Mayi anatola beseni lawo. Madzulo ake anachapa sokosi ija n'kuisita.

Ndiye mukhulupirire kapena ayi, mizere inabwerera. M'mawa wina mayi anayang'ana, anapukuta m'maso, nayang'ananso. Timizere tinalipo, topyapyala, tozungulira bwino ngati ta khanda. Nthawi imeneyi bambo anali asakuthanso kuyenda, miyendo ili ngati mitsuko. Anthu oyandikana nawo anawakweza pa wilibala yawo yakale, atayalapo bulangete, ndipo wokonza njinga anaikankha. Msewu wonse unatuluka. Ogulitsa pamsika ankaimba m'manja, bambo ali ndee pa wilibala, chala chili m'mwamba ngati munthu wopambana chisankho. Mayi ankatsatira pambuyo, akudziletsa kuti asayembekezere kanthu, koma akuyembekezera ndithu.

Atalowa mu ofesi anapeza patebulo pali chinthu china. Kalaliki anafotokoza, maso ali pansi, kuti akuluakulu anamva madandaulo oti okalamba ambiri zala zawo zinafufutika, ndiye pofuna kuwathandiza anachotsa makina a chala n'kubweretsa oyang'ana m'diso. Bambo anavula sokosi, anamuonetsa mtsikanayo chala chija, koma panalibe poti achiike. Mtsikanayo anawasendeza pafupi, anawauza kuti atong'ole maso. M'maso monse munali ng'ala. Kunayaka kofiira.

Mayi anafunsa chochita. Mtsikanayo anati akachotsetse ng'alayo kuchipatala. Mayi anati ndalama yake ilibe kochokera. Iye anati okalamba amawachotsa mwaulere, kenako anakumbukira kuti owachotsa mwaulerewo ndi okhawo amene makina anawadziwa kale. Misozi inalengeza m'maso mwake. Amene anaseka ndi bambo. Anaseka mpaka kutsokomola, wilibala ikugwedera.

"Mayi, kodi sokosi za m'maso amagulitsa kuti?"

Pobwerera msewu unali zii. Chala chinali pamwendo, ndipo aka kanali koyamba kuti tichione chili pansi. Sanakhalitsenso. Anamwalira mvula isanathe, khoma lija lisanamatidwe. Powakonza, mayi anachigwira chalacho nthawi yaitali. Thupi lonse linali la munthu wotheratu ndi ntchito, koma chala chokhacho chinali chofewa, chonenepa, cha bwana amene sananyamulepo njerwa. Analira mokwiya, ndipo sankadziwa kuti akwiyire ndani, poti aliyense mu ofesi muja anawalankhula mwaulemu.

Masiku ano msewu wathu ndi wosakoma. Minibasi zimangodutsa osaima molakwitsa, ndipo wokonza njinga girisi wake akumukhalitsa. Nthawi zina munthu umapezeka wakweza chala pofuna kupereka moni, n'kuchibweza msanga mwamanyazi. Ana atulukira masewera ofunafuna zidindo m'makona a nyumba, ndipo akuzipeza paliponse: kusukulu, kuchipatala, ngakhale kuseri kwa chimbudzi cha pamsika.

Chaka chino mayi nawo akwanitsa zaka zolembetsa. Zala zawo sopo anazisalaza kalekale, ndipo maso ayamba kuchita chifunga chomwe chija. Akumva kuti mwina makina asinthanso, koma safunsa kuti asinthira ku chiwalo chiti. Amapitabe, chifukwa beseni layamba kuwalemera. Akafika amakhala pansi pakona ya khonde lija, n'kulowetsa chala chawo m'kadzenje ka m'simenti. Sichidzaza, cha bambo chinali chachikulu. Mzere ukasuntha mlonda amawaitana, koma iwo amauza a pambuyo pawo kuti atsogole.