Injiniya pa Chigayo cha Apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa zaka, koma poti mayi akunyumba amaifotokoza paliponse pamene pasonkhana abale, bola muimve kwa mwini manyazi.

Nditangomaliza maphunziro a zomanga misewu ndi milatho, Esinati, amene panthawiyo anali chibwenzi changa, ananditengera kwawo ku Limbuli kuti makolo ake akandione. Ndinavala shati yoyera mbee, cholembera chili pathumba.

Bambo ake, a Nampeya, atandifunsa ntchito yanga, ndinayankha modzimva kuti ndine injiniya. Nkhope yawo inawala. Anati Mulungu ndi wamkulu, chifukwa injini ya chigayo chawo inali itakana kulira kuyambira m'mawa.

Apa m'pamene ndikanafotokoza kuti za injini sindizidziwa n'komwe. Koma Esinati anali atalowa kukhitchini, ndipo apongozi anali atandigwira kale dzanja. Ndinangoti tiyeni tikaione.

Kuchigayoko tinapeza azimayi ali pamzere ndi matumba awo a chimanga.

"Musadandaulenso amayi," anatero a Nampeya. "Wabwera injiniya wochokera ku Blantyre."

Mayi wina mpaka anaimba nthungululu.

Ndinaizungulira injiniyo kawiri. Ndinaigogoda ndi sipanala n'kutchera khutu ngati dokotala. Kenako ndinamasula kabawuti kena kamene ndinangokaona kali pafupi, ndipo oyilo wakuda anandithira pashati ponse. Ndinakabwezera msanga, n'kuuza anthu kuti ndimafuna kuona ngati oyilo alimo. Analimo ndithu.

Thukuta lili kamukamu, ndinathawira ku zimene ndinaphunzira. Nditagwada, ndinaona kamng'alu pakonkire pamene panakhala injiniyo. Ndinalengeza kuti vuto ndi maziko: apendekeka, ndipo injini singalire itakhala mopendama. Ndinathiramo ndi Chingerezi chambiri kuti pasapezeke wofunsa.

Ine ndinkayembekeza kuti anena kuti tiziona sabata yamawa, ndipeze pothawira. Sindinkawadziwa a Nampeya. Anatenga piki nthawi yomweyo n'kuyamba kugumula, azimayi aja akusuntha matumba kuti mpata upezeke.

Dzenje linali litafika m'kakolo pamene mayi ake a Esinati anatulukira kuchokera kumsika, dengu lili pamutu. Atamva chimene chikuchitika, anatula dengu, n'kupita kuseri kwa injini, n'kutsegula kampopi ka dizilo. Anati anakatseka okha m'mamawa chifukwa kamadontha, ndipo anaiwala kunena.

A Nampeya atapukusa handulo, injini inalira bwinobwino pa maziko anga opendekekawo.

Apongozi aamunawo anayang'ana dzenje, n'kuyang'ana shati yanga. Kenako anatembenukira kwa Esinati, amene anali atabwera kudzatiitanira chakudya.

"Mwanawe, kodi bambowa ndi injiniya wa chiyani?"

"Wa milatho, ababa."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza yankho la funso lakalekale.

"Ndiye chifukwa chake milatho yakuno imapita ndi madzi chaka chilichonse."

Mkazi anandipatsabe, koma nditakwirira kaye dzenje lija ndi manja anga. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandifunsa ntchito yanga, ndimayamba ndamufunsa ngati kwawo kulibe chimene chawonongeka.