Nyali ya Matimati ndi Chiboo cha Denga

Lolemba
Shire wadya dimba lonse. Zotsala pamtunda pathu pano: ine, akazi anga amake Rute, apongozi, mbuzi za mudzi wonse, ndi mbande khumi za matimati m'phale. Mbewu ina ndilibe, zikafa izi basi. Panja mbuzi zikutafuna ngakhale nsanza, ndiye phale ndalowetsa m'nyumba. Koma mdima wake! Nzeru: nyali iziyaka usana wonse, ikhale dzuwa lake. Kumishoni sitinapite kukasewera. Palafini ndi botolo limodzi, ndipo kwa Mmwenye ku Chiromo sikupitika. Ndadula bango loyezera, mizere isanu ndi iwiri, umodzi patsiku. Mulungu ngwabwino!

Lachiwiri
Ndaviika bango. Yapita iwiri! Chingwe cha nyali ndatsitsa. Amake Rute: "Dzuwa la kuno limapsereza mapazi, inu n'kumayatsa nyali masana? Bwanji osatseka chiboo cha denga chija munalonjeza chaka chatha?" Ine ndikupukuta galasi la nyali. Ndili pa ntchito.

Lachitatu
Kuwala kwachepa, ndiye nyali ndasendeza pafupi. Ziwiri zapsa. Mtima ukuwawa, koma zisanu ndi zitatu zilipo. Tiyamike.

Lachinayi
Lero ndayeza kasanu ndi kanayi kuti ndigwire wakuba. Kuviika kulikonse palafini akutsika. Madzulo amake Rute akolezera moto bango langa: "Koma likuyaka bwino bango lanuli!" Wakuba ndi bango. Woliviika ndine.

Lachisanu
Bango latsopano, mizere sikugwirizana ndi yakale. Mbande zatalika, zayezuka, ndipo zonse zapendekera kumodzi, kufulatira nyali! Chipongwe chotere, palafini yense uja? Apongozi, ali kuseri kwa chitseko mwaulemu: "Auzeni bambo aone kumene zikulozako." Ndatsata ndi maso. Chiboo.

Loweruka
Nyali ndazima. Phale ndaika pansi pa chiboo. Masana dzuwa likugwera momwemo, kenako kamvula, kuthirira kwaulere. Ndakwera padenga, ndasololako udzu pang'ono. Amake Rute ali pansi: "Mwayamba kutseka?" Ine: "Ndikukonza." Sindinaname kwenikweni.

Lamulungu
Zisanu ndi zitatu zonse zaimirira, kubiriwira kukubwerera. Madzi ayamba kuphwa, msonga za chimanga chakufa zikuoneka kudimba. Palafini watsala wongonyowetsa matako a botolo. Mphasa yanga yanyowa, poti amake Rute asamutsira yawo kouma ndipo akuti mwini chiboo agone ndi chiboo chake. Palibe kanthu. Ndikuthokoza Mulungu, apongozi, ndi ulesi wanga umene wapulumutsa dimba. Takhuta, monga athokozera apongozi m'chilankhulo cha kwawo! Chiboo ndidzatseka mbande zikangopita kudimba. Amake Rute akuti mawu amenewa akuwadziwa.