Masiki yoti Ababa azindimva

Lolemba

Ababa amangirira katundu. Bulangete, chikho chawo chachitsulo, wailesi yopanda mabatire. Akuti Lamulungu akwera boti la a Saidi, awoloke nyanja kupita ku Makanjira kwa achimwene anga. Chifukwa? Ati ndasanduka wamwano. "Ndikakufunsa kanthu ukumangondiyang'ana."

Ine?! Ndimayankha mpaka kummero kuwawa!

Zonsezi ndi azaumoyo. Masabata atatu apitawo anandiuza kuti poti ndimakwera matola kukagulitsa usipa ku Mangochi, ndipo Ababa ali ndi shuga, ndikakhala nawo pafupi ndizivala masiki. Ndikuvala. Malipiro ake ndi amenewa.

Ku Makanjira sangapite. Chipatala chili kutali, msewu wake ndi wa Mulungu yekha, ndiye alamu amathira shuga masipuni anayi mu tiyi. Akakafika kumeneko sindidzawaonanso akuyenda okha.

Vuto ndaliona: masiki yanga ndi ya nsalu ya jinzi, mawu sakudutsa. Ndipeze ina yopyapyala. Masiku alipo asanu, zitheka.

Lachiwiri

Mangochi. Usipa watha msanga, ndathamangira ku famase. Masiki yabuluu. Wogulitsa akuti, "Iyi ndiye ya madokotala, mayi."

M'matola mwabuka mkangano. Bambo wina akuti ndaivala chagada, koyera kumakhala kunja. Mayi wina akuti koyera kunja ndi kwa odwala. Ndaitembenuza katatu tisanafike pa Nkope.

Kunyumba, mayeso:
"Ababa, mwaswera bwanji?"
"Ndadya kale."

Lasitiki waduka ndikusenza dengu. Fungo la masikiyo pofika masana ndi la usipa weniweni, mphaka wa eni ake akunditsatira mpaka kubafa.

Lachitatu

Kwa a Mwajuma, atelala. Ndawauza kuti ndikufuna nsalu yopepuka kuposa zonse. Andisokera ya pitikoti. Ndikakoka mpweya ikulowa m'kamwa, ndikatulutsa ikufufuma.

Ndaima pamaso pa Ababa, ndakuwa: "MWAMWA MANKHWALA?"
Kuseri kwa mpanda a Nachisale, aneba, ayankha: "Ndamwa, zikomo!"
Ababa akuyang'ana nkhuku. Kenako akuti, "Ndikudziwa ukunditukwana m'kansaluko."

Nsapato za kutchalitchi zalowa m'chikwama.

Ndapita kuthandala loyanikira nsomba kukatembenuza usipa, ndavula masiki, ndawanong'oneza a Nachisale kuti nkhalamba iyi makani ake ndi a mbuzi. Takambako pang'ono za aphunzitsi aja a njinga yofiira amene akumagula usipa tsiku lililonse koma amakhala okha. Ababa ali ukooo pakhonde, akungotiyang'ana. Mtima watsikako.

Lachinayi

Wakabaza wina wabwera ndi mamasiki ochokera ku Chiponde. "Awa ndi a ku Mozambiki, korona amathawa akangowaona." Yoyera, yolimba, yosongoka ngati mlomo wa bakha. Ndatenga.

Zotsatira:
mawu anga akumveka ngati ndikulankhulira m'ndowa;
makutu akupweteka, lasitiki wake ngwa mwana wakhanda;
Ababa aseka koyamba m'masabata atatu.

Aseka mpaka kutsokomola. Chifuwa chimenecho chandiopsa, ndathamangira kapu ya madzi. Anali malovu chabe.

Kumva ayi. Akuti, "Bakha amalirako. Iwe zii."

Achimwene aimba foni: "Abwere basi, kuno kulibe korona." Alamu akufuula kumbuyo kuti agula kale shuga. Ambuye!

Ndayesa kuwalembera papepala Ababa. Magalasi owerengera anagwera m'nyanja chaka chatha, zapafupi saona. Andibwezera pepala ataligwira chozondotsa.

Lachisanu

Nzeru yabwera ndikutsuka mano. Ngati nsalu ikutsekera mawu, nsaluyo ichoke! A Mwajuma aboola pakati pa masiki ya pitikoti ija, pabowopo asokerera pulasitiki yoonekera ya paketi ya mchere. Akuti, "Musauze anthu kuti ndasoka ine."

Mayeso:
"Ababa, mwamwa mankhwala?"
"Ndamwa m'mawa, atsala anayi."

AYANKHA! Ndangotsala pang'ono kuvina. Pulasitiki imadutsa mawu, anthuni!

"Ndiye za ku Makanjira zija muzisiye."
"Ukuti chiyani za mazira?"

Pulasitiki yachita nthunzi, mbee. Ndaona kuti ikanyowa mawu sadutsanso. Kupukuta, mawu awiri, nthunzi. Kupukuta, mawu awiri, nthunzi.

Azaumoyo adutsa panjinga, aima, atsika. "Mayi, chimenechi n'chiyani?" Ndafotokoza. Akuti mabowo a singano aja korona akulowamo atanyamula ndi katundu yemwe. Ndibwerere ku ya jinzi.

Loweruka

Ndapaka sopo papulasitiki kuti isachite nthunzi. Tsiku lonse malovu anga ndi thovu.

Basi ndagonja. Ndachapa malaya awo, ndawasita. Mankhwala ndakatenga a mwezi wathunthu, ndawakulunga mujumbo, ndalemba kalata yopita kwa alamu: TIYI WOPANDA SHUGA. Ndatsindika kawiri mpaka cholembera chaboola pepala.

Ndikuopa. Amayi anapita, ndatsala ndi awa okha, ndiye akuchoka akuganiza kuti mwana wawo wawada. Ndakhala pambali pawo pamkeka, ndawauza zonsezi bwinobwino, ndili m'jinzi. Amvetsera. Akuti, "Eya, mawa nyanja ikhala bata."

Lamulungu

Kudooko m'mawa, tchalitchi chaphonyeka. Ababa akwera, akhala pathumba la chimanga, chikwama pamiyendo. A Saidi aliza injini, phokoso loti sungamve ngakhale mnzako akukuwa. Ine ndili pamchenga, mphuno ikuchucha. Ndavula masiki kuti ndimine, ndang'ung'udza ndekha chapansipansi: "Pitani, nkhalamba yamakani, akakupheni ndi tiyi."

Ababa aimirira m'boti. "Wamakani ndiwe! Ndipo tiyi wa mkazi uja sindimwa!"

Andimva bwanji m'phokoso limeneli? Ndayesanso, popanda mawu, milomo yokha: "Tsikani."

Atsika. Madzi m'mawondo, chikwama pamutu.

Akuti makutu anatha kalekale ndi mainjini a maboti, amayi asanamwalire n'komwe. Amayi ankadziwa, ankawalankhula atawayang'ana. Ababa amamva ndi maso, amawerenga pakamwa. Bwanji osanena? "Gonthi amamuika pakhonde ngati mpando. Kulibwino ndipite kumene anthu ali ndi pakamwa."

Ndalira. Iwo akuti ndisalire, milomo ikupindika sakumva.

Ndiye zakhala chonchi. M'nyumba, masiki ya jinzi, kulankhulana ndi manja. Nkhani zonse panja pansi pa mango, mapazi asanu pakati pathu, nkhope poyera, mudzi wonse ukumva mayankho awo. Mamasiki anayi ali pachingwe, sabata yonse yapita ndi mphepo.

Pobwerera ndawafunsa: "Nanga zimene timanong'onezana ndi a Nachisale kuthandala?"
"Zonse. Zaka zonsezi. Za mbuzi Lachitatu. Aphunzitsi a njinga yofiira aja uwauze abwere adzandione."

Kuyambira mawa miseche ndizichita nditavala masiki.