Tsiku Limene Ndinaitseka Pakamwa Galimoto Yanga

Mukandiona ndikuyenda wapansi pa Chitipa boma, chonde musandifunse za galimoto. Bala lake silinapole.

Ine ndine wa kummwera, ndili ndi kagolosale pafupi ndi msika, ndipo ndinakwatira ku Misuku. Galimoto yanga inali ndi khalidwe limodzi lonyansa. Ikangoona mtunda, kagetsi kofiira kankayaka, n'kuyamba kulira "tii, tii," kuti injini yatentha. Ndinkaima, kudikira kuti izizire, kuthira madzi, uku anthu apanjinga akundipitirira.

Ndiye Tusekile, mng'ono wa mkazi wanga, anapeza banja. Ine ndi pakamwa pangapa ndinalonjeza pamaso pa apongozi kuti mkwatibwi ndidzamunyamula ndine, kuchokera kusaluni pa boma mpaka pakhomo pa tchalitchi ku Misuku. Apongozi aamuna anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mkweni," (ndi mmene amaitanira mkamwini kumeneko) "misewu yathu si ya kwanu." Ndinati asade nkhawa. (Chikwatirireni mwana wawo, anali asanandipatsepo ntchito, ngakhale yopha nkhuku. Uwu unali mwayi wanga woti andione ngati munthu.)

Mkazi wanga anati, "Bambo a Tadala, pitani nayo kwa makaniko." Makaniko wa chiyani? Ine ndinali nditagula kale kachipangizo ku Tunduma, kobaya pansi pa chiwongolero n'kukalumikiza ndi foni. Nditaonera mavidiyo angapo, ndinayamba kudzimva uinjiniya. Mu pulogalamu yake ndinapeza nambala ya kutentha imene galimoto imayambira kulira. Ndinaikweza. Foni inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinavomera. Inafunsanso. Apo ndinapsa mtima, n'kuikwezanso kuti isandizolowere.

Ndinakaiyesa cha ku Lufita (kopanda mtunda weniweni, ndazindikira pano), galimoto ili zii. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Tsiku la ukwati tinanyamuka bwinobwino, maliboni pa boneti, Tusekile ndi mkulu wake, mkazi wanga uja, kumbuyo. Mtunda woyamba tinakwera. Wachiwiri tinakwera. Ndinkachita kuyang'ana pagalasi kuti ndione ngati mkazi wanga akuchita manyazi.

"Alamu, chikununkha n'chiyani?" anafunsa Tusekile.

"Akuwotcha makala kumusiko," ndinatero.

"Bambo a Tadala, utsi ukutuluka kutsogolo kwa galimoto yathu."

"Ikanatentha ikanalira," ndinayankha.

Abale anga, mwamva? Ine amene ndinaitseka pakamwa ndi zala zangazi, ndinakhulupirira kukhala chete kwake. Ndinapondanso mafuta. Injini inati kho-kho-kho, kenako phwii, nthunzi kuti mbuu, galimoto n'kuyamba kubwerera chambuyo mpaka ndinakoka handibuleki. Injini itafa kale, ndi pamene kagetsi kanayaka. "Tii, tii."

Tusekile analira mpaka zopaka kumaso zinatsikira pa diresi. Netiweki panalibe. Kunayamba kuwaza kamvula. Mapeto ake tinaimitsa njinga yamoto yonyamula nthochi, mwini wake n'kutsitsa mikoko, mkwatibwi n'kukwera chammbali, velo atalipinda mujumbo. Mkazi wanga anapeza njinga ina. Sananditukwane, sanandiyang'ane n'komwe, ndipo kunena zoona ndikanakonda akananditukwana.

Ine ndinakwera phirilo wapansi, ndi nsapato zosongoka, ndikulira ngati mwana. Ndinafika anthu ali pa perekaniperekani. Diresi la Tusekile linali lofiira ndi matope mpaka m'mawondo, ndipo akuchimuna, ndinamva pambuyo pake, anali atayamba kunong'onezana kuti mkwatibwi wathawa. Apongozi anabwera okha kudzandilandira. "Phepani, mkweni. Khalani mudye." Ndinakhala pansi, n'kumangotakasa mpunga m'mbale.

Galimoto anaikoka ndi ng'ombe mpaka pakhomo pa apongozi, ndipo ili pomwepo. Vuto lake loyamba linali fani yoziziritsa injini chabe, koma pano injini yonse inapsa. Akuti padenga pake pamauma bwino khofi.

Mwezi wathawu kunali msonkhano wa ukwati wa mwana wotsiriza wa apongozi. Anagawa ntchito kwa aliyense: uyu nkhuni, uyu mipando, uyu zokuzira mawu. Ine ndinakweza dzanja, poti firiji ndili nayo, zakumwa ndikhoza kuziziritsa. Apongozi anatsokomola pang'ono.

"Inu mkweni, mudzangobwera. Musadzakhudze chilichonse."

Ndinatsitsa dzanja, n'kunena kuti yewo.